Mbali ya Chimbale Yopanda Woimba

Khoma la kuchipinda kwanga ku Bradford linkanjenjemera ndi nyimbo masana alionse. Kuseri kwake kunkakhala a Desmond, bambo achikulire a ku Jamaica amene adapuma ntchito yoyendetsa basi. Pakhomo pawo pankanunkhira tsabola ndi nkhuku yootcha. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditangotha chaka ku Mangalande, ndipo kusukulu ndinali nditaleka kuyankhula chifukwa anzanga ankandiseka Chizungu changa.

Holide ya chilimwe chimenecho ndinazindikira kuti a Desmond ankaika kaimbidwe kamodzimodzi tsiku lonse, ng'oma zomwezo, gitala wa besi yemweyo. Ankasintha ndi oimba okha: wina wa mawu osasa, wina mayi wa mawu akuthwa, wina wothamanga ngati mlaliki wa pamsika. Nditawafunsa pampanda, anandiuza kuti kwawo woimba aliyense amabwera ndi mawu akeake pa ng'oma zomwezo. Kenako anatembenuza chimbale chimene ankalizacho. Mbali inayo inalibe woimba.

"Pano sipanaimbe munthu," anatero.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndiimbapo ine. Amayi ankagona masana akaweruka kuchipatala, choncho ndinkayeserera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini a zinyalala, njerwa zikutentha kumapazi. Ng'oma zinkandisiya m'mbuyo, lilime likumangika, koma m'mawa mwake ndinkayambiranso. Amayi atamva anangoti, "Nyimbo za m'mabala izo, Tadala." Sanandiletse.

Kumapeto kwa Ogasiti anthu a mumsewu wathu anatulutsa matebulo panja kuti tidyere limodzi. A Desmond anaika mbali yopanda woimba ija n'kundipatsa maikolofoni. Ndinayamba m'Chizungu, ndipo ndisanafike patali iwo anaimitsa chimbale ndi chala, n'kuchibwezera poyambira akufuula. Anthu anakuwa. A Desmond anandinong'oneza kuti kwawo amatero woimba akaimba bwino koposa. Anabwezeranso kachiwiri. Kachitatu ndinataya mawu ndinalowezawo n'kuimba m'Chichewa za basi yozizira ya m'mawa ndi za agogo amene tinawasiya ku Zomba. Ndinafika kumapeto. Amayi, ali chiimire ndi mbale m'manja, analiza nthungululu, msewu wonse n'kutembenuka.

Sukulu itatsegulidwa ndinakweza dzanja m'kalasi tsiku loyamba lomwe, podziwa kuti ndine woimba amene anamubwezera chimbale kawiri. Papita zaka zambiri tsopano, ndipo nyimbo zimenezi ndimazidziwa bwino. Maulendo awiri aja ndinali nditasochera, ng'oma zitandithawa. A Desmond anazimva msanga, n'kubwezera chimbale msewu wonse usanamve.