Pikapu ya Hawkins yokana apongozi

Hawkins ndi mwana wa mlongo wanga, ndiye palibe angandiletse kumunena. Anabadwira ku Bangwe, ndipo tsiku lomwelo anafunsa anamwino ngati chipatala chili ndi galimoto yogulitsa. Wakhalapo kondakitala wa minibasi, wagulitsapo malata ku Limbe, mpaka chaka chatha anagula pikapu yakale kwambiri, yoti mwini wake woyamba ankanyamulira miyala yomangira phiri la Soche.

Chotsekera tanki chinasowa pa mzere wa mafuta. Iye sanadandaule. Anatola chitsononkho n'kutsekera pakamwa pa tankiyo, galimoto n'kumayenda bwinobwino, kunyamula mchenga, makala, ngakhale kwaya yonse ya amayi.

Vuto linali apongozi ake, mayi a Salome mkazi wake. Lamlungu lililonse ankayenera kuwaperekeza kutchalitchi kwawo ku Nancholi. Iwo ndi a mwambo wakale, sakhala mpando umodzi ndi mkamwini. Ankakwera kumbuyo ndi kampando kawo, Hawkins ali kale pa chiwongolero, maso ali pa maondo mpaka Salome anene kuti akwera. Ndiye amanyamuka. Akangofika cha ku manda a Misesa, injini imatsokomola, kutsamwa, n'kuzima. Apongozi amatsika, kusonkhanitsa tinthu tawo, n'kukakwera kabaza. Akangokhota pakona, galimoto imalira ngati yatsopano.

Anapita nayo kwa Yusuph, makaniko wa ku Ndirande. Yusuph anasintha fyuluta. Lamlungu inazima. Anasintha pampu ya mafuta. Inazima. Anatsuka kabuleta, anapemerera mapaipi ndi pakamwa mpaka mkazi wake anamuletsa kuyandikira mbaula. Anatsitsa tanki kuti aone ngati muli madzi, poti petulo wa m'zigubu sadziwika kwawo, koma anangopezamo fumbi pang'ono.

"Achimwene, galimotoyi ilibe matenda," anatero Yusuph. "Mkati mwa sabata imayenda?"

"Imayenda."

"Lamlungu mukakhala nokha?"

"Imayendanso."

"Ndiye mundibweretsere apongoziwo ndiwaone."

Hawkins sanaseke, chifukwa kunyumba zinali zitafika poipa. Apongozi anauza mwana wawo kuti mkamwini amazimitsa dala, safuna kuwanyamula, ndipo amasankhira pafupi ndi manda kuti amve tanthauzo lake. Salome anayamba kulongedza mbale. Anandiitana ine monga nkhoswe.

"Ankolo, ndikulumbira, sindigwira kiyi," anatero Hawkins. "Mwina galimotoyi ili ndi mwambo. Mwina ikuchita manyazi."

"Manyazi ake ati, a bambo a Mwabi?" anatero Salome. "Kwaya yonse mumakwera nayo chitunda. Amayi anga ndi olemera kuposa kwaya?"

Ine ndinagamula kuti mlanduwu ndiuweruzira m'galimoto momwemo. Lamlungu ndinakhala kutsogolo, maso anga pa manja a Hawkins, Salome pakati, maso ake pa mapazi. Mnyamatayo anayendetsa ngati wanyamula mazira a bwana. Tikufika ku Misesa, galimoto inatsokomola n'kuzima. Manja sanasunthe, mapazi sanalakwe. Ndinayang'ana kumanda kuja, ndinayang'ana Salome, ndipo kunena zoona nanenso ndinayamba kupemphera chamumtima.

Ndinatsika kuti ndikankhe, lamba wa nsapato yanga n'kuduka. Pofunafuna chomangira, ndinaona pakamwa pa tanki pali jumbo ya shuga yopindidwa kawiri, yokulungidwa ndi mphira zolimba ngati katundu wopita ku Joni. Ndinamasula mphirayo. Tanki inapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wamira mumtsinje wa Mudi ndipo wangovuulidwa. Agalu a ku Chitawira anauwa.

"Mukumasuliranji, a nkhoswe?" anafunsa apongozi ali pa kampando kawo. "Ndimavutika nayo imeneyo."

"Mumamanga ndinu, mayi?"

"Nanga ndani? Ndizifika pa tchalitchi pa galimoto yotseka ndi chitsononkho, azimayi anzanga akuona? Ndimachotsa, n'kumanga bwino kuti mafuta a mwana wanga asauluke. Ndikamatsika ndimabwezera chitsononkho chake, jumbo n'kutenga. Ndi yanga."

"Bwanji osamuuza?"

Anandiyang'ana ngati ndavula pamsika. "Ndiziyankhula za tanki ndi mkamwini?"

Ndinauza Hawkins kuti alize. Inalira. Anatulutsa mutu pawindo, nkhope itasokonezeka. "Ankolo, mwapanga chiyani?"

"Ndamanga nsapato."

Yusuph anatifotokozera mawa lake kuti tanki yakale ngati imeneyo imafuna mpweya uzilowa pamene mafuta akutuluka. Chitsononkho chinkalola, jumbo ya apongozi inkaitsamwitsa, ndipo mpweya unkathera pa mtunda womwewo sabata iliyonse. Hawkins anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati manda aja alibe mbali ina iliyonse pa nkhaniyi. Yusuph anati za kumeneko sakonza.

Chotsala chinali kuuza apongozi kuti olakwa ndi iwo. Hawkins anati mwambo sumulola. Salome anati iye akufunabe kukhala ndi mayi. Onse anayang'ana ine. Ndinapita, ndinakhala pansi mwaulemu, n'kuwauza kuti madokotala a galimoto apeza kuti pikapuyo imadwala ikaona munthu wamkulu atakhala kumbuyo padzuwa. Anagwedeza mutu, nati anazikayikira kale.

Salome anabwezera mbale m'kabati. Chotsekera chenicheni chinagulidwa ku Ndirande, mwina n'chomwe chija chinasowa. Masiku ano apongozi amakhala kutsogolo, Salome pakati, ndipo Hawkins amayendetsa khosi litapindikira kuwindo kuti asaonane nawo maso. Galimoto sizimanso. Kungoti Lamlungu lapitali anapitirira Nancholi osaiona.