Lichero la nsawa zimene a Nabanda anandipatsa

Chizindikiro choyamba chinali chitenje. Mu Julayi chaka chatha ndinaona kuti chikumasuka chokha ndikamayenda, ndipo ndikachimanga chikutsala nsonga yaitali imene kale kunalibe. Sindinaganize za matenda. Amuna anga, a Gelesomu, anali atamwalira mu Epulo ngolo itawagwera potsetsereka kudimba, ndiye ndinangoti chisoni ndicho chikundidya. Ine ndine Naphiri, kwathu ndi ku Pembamoyo, koma ndinabwera kuno ku Zemba pachitengwa ndili mtsikana, ndipo ana anga onse atatu ndinaberekera pamudzi pano.

Popeza ndinali ndisanasudzulidwe, zokolola za chaka chimenecho zinakhala m'manja mwa abale a mwamuna. Amene anaima patsogolo anali alongo awo aakulu, alamu anga a Nabanda, amenenso amuna awo anamwalira kalekale. Nsawa zimene ndinabzala ndi kupalira ndi a Gelesomu zinatutidwa kupita pakhomo pa a Nabanda ine ndikuyang'ana.

Kuno tonse tinazolowera kuwaza timadzi pa nsawa tisanaziswe, kuti makoko afewe ndipo zala zisapweteke. Koma a Nabanda anawaza ngati akuthirira mpiru kudimba, chifukwa nsawa zonyowa zimalemera pa sikelo. Ataziswa anazimanga m'matumba apulasitiki kudikira ogula. Ogulawo anachedwa. Atabwera n'kumasula matumba, anapeza zina zada, zina zili ndi fumbi lobiriwira. Anasankha zabwino, zotsalazo anazikana. Zokanidwazo, kuphatikiza mphwephwa zofota zija, ndizo a Nabanda ananditumizira kuti ndilo gawo langa.

Nditazilawa zinali zowawa. Ndinapita kukawauza, ndipo anandiyankha akupeta mpunga osandiyang'ana: "Mlamu, wamasiye sasankha. Kazingani, kuwawako kutha."

Ndinakazinga. Mafuta ophikira ndinalibe, ndiye nsawazo zinalowa m'chilichonse: phala la m'mawa lansinjiro, nkhwani wotendera masana, chiponde chodyera mbatata. Ndinkadya ndekha, chifukwa mwana wanga wamkazi Dailesi amagulitsa tomato pamsika wa ku boma, ndipo anyamata awiri anali kusukulu yogonera konko. Mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti pakhomo panalibe mwana wodya nane m'mbale imodzi.

Mu Ogasiti chilakolako cha chakudya chinatha. Ndinkachita nseru, ndipo pansi pa nthiti zakumanja pankawawa ngati pali mwala. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Pofika Sepitembala maso anachita chikasu, mapazi anatupa moti patapata sankalowa, mimba inayamba kukula pamene manja ndi nkhope zinkangotha. Ndikachoka pakhomo kupita pamjigo ndinkapuma kawiri m'njira.

Apa m'pamene a Nabanda anapeza ntchito. Kwathu kuno munthu akaonda, n'kutupa mapazi pamene mwambo wa maliro usanathe, anthu amati ndi tsempho, kutanthauza kuti wina wagona ndi mwamuna nthawi yodika isanakwane. A Nabanda analowa nyumba ndi nyumba kuuza anthu kuti ine ndadzitsempha ndekha, kuti manda a mlongo wawo asanaume ndinali nditalowetsa kale mwamuna m'nyumba mwake. Ena anawauzanso kuti mimba ikukulayo ayiyang'anitsitse. Ndikafika pamjigo amayi ankasuntha zidebe zawo n'kusiya nkhani. Kenako a Nabanda anatumiza uthenga kwa achimwene anga a Lufeyo, amene ndi ankhoswe anga, kuti tsiku losudzula ndidzachoka ndi miphika yanga yokha. Munda ndi nyumba zidzatsala, ndipo mundawo anali atalonjeza kale mwana wawo wamwamuna.

Tsiku lina a Nabanda anandibweretsera mizu m'chikho. Anati mankhwala a tsempho sagwira ntchito wodwala asanatchule dzina la mwamuna. Ndinataya mizuyo kuseri kwa nkhokwe iwo akuona. Koma ku kiliniki sindinapite. Manyazi anandigwira, ndinkaopa kudutsa pakati pa mudzi ndi mimba yotere anthu akuloza. Ndinadzitsekera m'nyumba, ndikudyabe phala lomwelo chifukwa ndilo lokha linkatsika pakhosi.

Dailesi anabwera kumayambiriro kwa Okutobala atamva mphekesera pamsika. Atandiona anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anabwereka njinga n'kundikankha mpaka ku kiliniki ya m'dera lathu. Anamwino anandiyeza kulemera, anayeza malungo ndi kachilombo, sanapeze kanthu. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ili ndi vuto la chiwindi ndipo ndachedwa kubwera. Ananditumiza ku chipatala cha ku boma, kumene ndinagonako pang'ono, ndipo kumenekonso ananditumiza ku chipatala chachikulu cha ku Chipata.

Ku chipatala chachikulu munthu amaphunzira kudikira. Umadikira pa benchi yolembetsa, umadikira potenga magazi, umadikira zotsatira. Anayeza chifuwa chachikulu, mulibe. Anayeza tizilombo timene timagwira chiwindi, mulibenso. Kenako anandiuza kuti ndisadye kanthu m'mawa chifukwa ndikaunikidwa m'mimba ndi makina, amene onse m'chipatalamo amangoti sikani.

Ndinagona chagada m'kachipinda kamdima pang'ono. Bambo wogwira makinawo anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsa kachipangizo pansi pa nthiti, akundiuza kuti ndikoke mpweya, ndiugwire, ndiutulutse. Pa galasi panali zithunzi zotuwa ngati phulusa, ine sindinkaonapo kanthu. Iye anandilozera n'kuti ichi ndi chiwindi, chatupa, ndipo chakuda ichi ndi madzi amene adzaza m'mimba. Chotupa anati sakuchiona. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati m'mimbamo muli mwana. Anandiyang'ana modabwa n'kuti mulibe. Ndinamupempha kuti anenenso mokweza Dailesi amve.

Adokotala anali mayi wachitsikana wolankhula modekha. Anandifunsa ngati ndimamwa kachasu, ngati ndinamwako mizu kapena mapiritsi ogula pamsika. Zonse ndinakana. Ndiye anati ndiwauze zimene ndimadya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nditatchula za nsawa zowawa anasiya kulemba. Anapempha Dailesi kuti abwerere kumudzi akatengeko pang'ono.

Nsawazo anazipereka kwa a zaulimi amene amafufuza matenda a mbewu. Dailesi anaona ndi maso ake akuzipera, akuzisakaniza ndi mankhwala amadzimadzi, n'kuviikamo kapepala konga koyezera malungo. Anati poizoni wa chuku ali m'menemo ndi wochuluka moti nsawazo siziyenera kupatsidwa ngakhale nkhuku. Adokotala anandifotokozera kuti chuku ndi nkhungu imene imamera pa mbewu zosungidwa zonyowa, ndipo imatulutsa poizoni amene amakawononga chiwindi. Anati: "Mayi, poizoni ameneyu satha ndi moto, kaya mukazinge kaya muphike. Sindingalumbire, koma zonse zimene tapeza zikuloza komweko."

Mankhwala ochotsa poizoniyo anati palibe. Chimene akanachita ndi kuthandiza thupi pamene chiwindi chikudzikonza chokha, ngati chingathe. Anandiika diripi, anandipatsa mapiritsi otulutsa madzi, anandichepetsera mchere. M'mawa uliwonse anamwino ankatidzutsa kuyeza kutentha kwa thupi, n'kundikweza pa sikelo, n'kuyeza mimba ndi chingwe. Dailesi ankagona pansi pambali pa bedi, tomato wake akuola ku boma. Mayi amene anagona bedi loyandikana ndi langa anamwalira tikuona, ndipo kuyambira pamenepo mantha anandigwira kwambiri.

Ndinene zoona, chimene chinandigwira mtima kuti ndisafooke si pemphero lokha. Unali mkwiyo. Ndikagona ndinkayenda m'maganizo nyumba ndi nyumba momwe a Nabanda anayendera, ndikuona nkhope za amene anamvetsera n'kugwedeza mutu. Ndinkadziuza kuti ndikafa, adzayimba pamaliro anga ndi mawu okweza, n'kuuza ana anga kuti mayi wawo anafa ndi chiwerewere. Ndikaganiza zimenezo ndinkadzuka n'kumaliza phala la m'chipatala ngakhale likundinyansa. Adokotala anati thumba lotsala kumudzi liwotchedwe. Ine ndinauza Dailesi kuti alikhomere m'nyumba n'kubweretsa kiyi kwa ine. Ndinati tidzaliwotcha likamaliza ntchito yake, paja mlandu suola.

Pang'ono ndi pang'ono chikasu chinayamba kuchoka m'maso, mkodzo unayera, mapazi anaphwa. Atandiunikanso anati madzi achepa ndipo chiwindi chikubwerera m'malo. Ananditulutsa mu Novembala mvula yoyamba itagwa. Ndinakakhala kaye kwa Dailesi ku boma, kumene amayi a mpingo wake ankabwera kudzandipempherera. Popempherera machiritso ndinkavomera ameni. Akafika pa kukhululukira adani ndinkatsokomola.

A Nabanda anafulumizitsa mwambo wosudzula kuti uchitike mu Disembala, mwana wawo apeze mpata wobzala m'munda mwanga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Zakeyu, amalume a malemu amuna anga, munthu wokalamba amene maso ake sakuonanso bwino. Anthu anabwera ambiri, chifukwa nkhani ya chigololo siisowa omvera. A Nabanda anayankhula nthawi yaitali. Anati ku chipatala angobisa matenda ndi mapiritsi, koma mudzi wonse unaona mapazi anga.

Atamaliza, achimwene anga anafuna kuyankha, koma ndinawagwira mkono. Ndinanyamuka ndi lichero lovundikira nsalu, ndinagwada pamaso pa a Nabanda monga mwa ulemu, n'kuvundukula. Munali nsawa zija, zokazinga bwino, zothira ndi kamchere.

"Alamu, mwayankhula nthawi yaitali, muyenera kuti mwamva njala. Idyani."

Anayang'ana lichero n'kuyang'ana kumbali. Anati sanabwere kudzadya.

"Ndi zomwe zija munandipatsa. Ndakazinga monga munandiphunzitsira. Nanunso ndinu wamasiye, alamu, ndipo munati wamasiye sasankha."

Sanatambasule dzanja. Ndinakhala chigwadire, lichero lili m'manja. Kenako a Zakeyu anati lichero lipite kwa iwo. Anatapa pang'ono n'kununkhiza, analuma imodzi, n'kulavula msanga. Anafunsa ngati izi ndi zimenedi mpongozi wawo anapatsidwa kuti adye. Amayi amene anathandiza kuswa nsawazo anaweramitsa mitu, mpaka mmodzi anavomera kuti ndi zomwezo, zimene ogula anakana. Apo Dailesi anafotokoza zonse zimene adokotala ndi a zaulimi ananena, n'kuonetsa chithunzi cha sikani. Anthu anachipatsirana, ena atachizondotsa, koma onse anamva kuti m'mimbamo munali madzi.

A Zakeyu anagamula kuti andisudzule mwaulemu, ndipo munda ndi nyumba zikhale za ine ndi ana a Gelesomu. Anauza a Nabanda kuti apepese. Anapepesa, koma mawu awo anauza nyerere za pansi, ine sindinawamve bwino. Ndinati pondinyoza analowa nyumba ndi nyumba, ndiye pondiyeretsa alowenso nyumba ndi nyumba, akamaliza ndidzakhululuka. Mpaka lero sanayambe.

Thumba lija ndinaliwotcha tsiku lomwelo pabwalo anthu akuona. Amayi onse a pamjigo ndinawauza za chuku, ngakhale aja ankasuntha zidebe. Mkamwana wa a Nabanda ndinamuitana ndekha n'kumuonetsa kasankhidwe ka nsawa, chifukwa ana ake amadya phala lansinjiro tsiku ndi tsiku ndipo iwo sanandilakwire kanthu.

Panopa ndili bwino. Ndimalima ndekha, ngakhale ndimatopa msanga kusiyana ndi kale. Adokotala anati chiwindi chimene chinavulazidwa chotere chimafunika kuchiyang'anira moyo wonse, ndiye ndimapita ku Chipata kukaunikidwa nthawi imene andiuza, osaphonya. Nsawa zanga ndimaziumitsa mokwanira, ndimaswa zouma ngakhale zala zichite matuza, ndipo yakuda, yofota kapena yowawa ndimataya kumoto. Chimanga chowola ndimachita nacho chimodzimodzi.

Kwa inu amene mukuonda osadziwa chifukwa, kapena maso ayamba chikasu, kapena mapazi akutupa, pitani ku chipatala sabata yomweyo. Musadikire kuti a pamudzi akutchulireni dzina la matenda anu, chifukwa ena amatchula dzina limene liwapindulire iwowo. Ine manyazi anandisunga m'nyumba miyezi yathunthu, ndipo anamwino anati ndikanachedwanso pang'ono sakanandithandiza.

Njira yopita kokwerera minibasi ilipo yachidule, yodzera kudambo. Ine ndimadzera yaitali, ya pakhomo pa a Nabanda. Chitenje chija tsopano chikukwana, nsonga yake sikutsalanso. Ndikafika pamenepo ndimapereka moni mwaulemu wonse, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti andione bwino.