Kaliyala wa a Telala

A Telala amasoka pakhonde la sitolo yomwe ndimagwirako ntchito, yogulitsa zipangizo za galimoto. Makina awo ali pakona, pomwe dzuwa limafika mochedwa. Amadya okha, ndipo kawailesi kawo kamalankhula kuposa iwo. Ntchito yawo yambiri ndi mayunifolomu a ana asukulu. Diresi lililonse amalisiyira mpindiro waukulu, makolo akadandaula amangoti, "Mwana sachedwa kukula, mayi. Mudzamasula."

Akazi awo anachoka kalekale ndi mwana wawo wamkazi, nakakhala kutauni ina yakutali. Mwezi wathawu ndi pomwe analola kuti a Telala akamuone mwanayo patchuthi. M'chipinda cha a Telala munali njinga yofiira yomwe anamugulira asanatengedwe. Anaganiza zonyamula njingayo pamodzi ndi yawo, kuti akakafika asakangokhala pampando n'kumayang'anizana ndi mwana ngati alendo, koma akapalase limodzi.

Kagalimoto kawo, kamene anawasiyira malemu achimwene awo, buti yake ndi yaing'ono. Ndiye tsiku lina analowa m'sitolo, tepi ili m'khosi, kudzafunsa kaliyala wonyamulira njinga, womangirira kubuti.

Abwana anga anawaonetsa wodula, wokhala ndi loko. A Telala anamusisita, n'kubweza dzanja m'thumba. Ine ndinakatenga wina pashelefu yapansi, wa malamba ndi ngowe zokowetsa m'mphepete mwa buti. Mtengo sanadandaule nawo. Anayeza buti, kenako anakoka lamba mmodzi n'kuyang'anitsitsa msoko.

"Wosoka uyu anali ndi njala," anatero. "Ndibwereza ndekha."

Mawa lake anabwera ndi njinga zonse ziwiri kuti tiyese. Yawo inakhala bwinobwino pamikono iwiri ya kaliyala. Yofiira inakana. Felemu yake inali yopanikizana moti mkono umodzi ukalowa, winawo unkatsala panja. Tinaitembenuza, tinaipendeketsa, koma ayi.

"Akulu, iyi ndi njinga kapena chidole?" anafunsa abwana. "Mwiniwake ndi wamkulu bwanji?"

"Wayamba sekondale chaka chino."

Abwana anaseka mpaka kutsamira galimoto. "Ndiye mawondo azikagunda chibwano!"

A Telala anapempha sipanala, anamasula chishalo n'kuchikweza mpaka chitsulo chinatuluka chonse n'kutsalira m'manja mwawo. Anachiyang'ana kwa kanthawi, anachibwezera, n'kukankhira kanjingako kuseri kwa makina. Masana onse makinawo sanalire.

Abwana atapita kukadya, a Telala anandikodola.

"Mwanangu, mtsikana wa sekondale amafika pati?"

Ndinaloza paphewa panga, kenako pakhutu, chifukwa nane sindinkadziwa.

"Mayi ake ndi aatali," anatero. Anabweretsa njinga yawo. "Takhala apa, usaope, ndagwira."

Ndinakhalapo, ndikuchita manyazi ndi anthu odutsa. Zala zanga zakuphazi zinkangokhudza pansi. Anatsitsa chishalo pang'ono, n'kundiuza ndikhalenso. Anatsitsanso. Kenako anapukuta mahandulo ndi kansalu kotsala pa yunifolomu, anachotsa chingwe chomwe amamangira katundu, n'kuthira mafuta patcheni.

"Nanga inu mukakwera chiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Ine ndizikagwira kumbuyo, iye akuphunzira."

"Mwina amatha kale kupalasa."

Anaima, botolo la mafuta lili m'manja.

"Mwina," anatero. "Ndiye ndizikangoonerera."

Madzulo analipira kaliyala uja, n'kusokanso malamba onse ndi ulusi wokhuthala. Loweruka m'mawa anavundikira makina ndi nsalu, anandipempha kuti akabwera makasitomala ndiwauze abwere Lachiwiri. Atakweza njinga yawo yokha pakaliyala, anakoka lamba aliyense kawiri, anagwedeza njinga kuti aone ngati yalimba, n'kulowa m'galimoto. Pokhota pamsewu waukulu anayenda pang'onopang'ono kwambiri, mpaka a minibasi kumbuyo anayamba kuwaimbira hutala.