Tchire la a Chikwakwa

A Chikwakwa anakalambira m'mbali mwa msewu. Ntchito yawo ku khonsolo inali yotchetcha udzu, ndipo chida chimene ankagwiracho ndicho chinasanduka dzina lawo. Mvula ikangoyamba, unkawapeza m'ngalande atavala ovolosi yosuluka ndi jombo zong'ambika, dzanja lamanja likupita uku ndi uku, lamanzere lili kumsana. Kapitawo akanena kuti pakhale mbee, pankakhaladi mbee. Chanzi, mpungabwi, nthula, timaluwa tachikasu tongomera tokha tija, kwa kapitawo zonsezo zinali ndi dzina limodzi basi: tchire.

Koma sungadule chinthu moyo wako wonse osayamba kuchidziwa. Ankadziwa chimene chimanunkhira chikadulidwa, ndi chimene njuchi zimakanirirapo mpaka chitagwa pansi. Kapitawo akapotoloka, iwo ankapulula njere n'kuponya m'thumba. Malemu akazi awo ankalalata tsiku lililonse lochapa: "Kodi inu, m'thumba muno mukufuna mulimemo?"

Atapuma pa ntchito, phewa litatha kale, anakakhala kwa mwana wawo wamkazi, namwino, m'kachipinda kakuseri komwe ankagona limodzi ndi njinga ya mkamwini ndi matumba a simenti. Kuseri kwa nyumba za m'deralo kunali bwalo lotayirapo zinyalala. Anthu anagwirizana kulisandutsa dimba la onse, aliyense kachigawo kake, mpopi umodzi pakati. Anakhomanso chikwangwani pageti chonena kuti tisamale chilengedwe. A Chikwakwa anawaponyera kumapeto, pafupi ndi ngalande, pamiyala pomwe aliyense anapakana.

Anzawo anadzala kabichi, tomato ndi maluwa ogula m'machubu. Iwo anafesa njere zawo zija, zonse, osasiyako ngakhale ya mankhwala.

Chaka chotsatira, abale inu, mukanaona! Kachigawo konyozeka kaja kanawirira mpaka m'chiuno. Agulugufe, njuchi, timbalame timene anthu anali ataiwala kulira kwake, zonse zinasamukira komweko. Pamene ena ankatukwanizana pampopi chifukwa cha paipi, nkhalambayo inkangokhala pa chidebe chovundikira, manja pamaondo. Zomera zake sizinkapempha madzi kwa munthu. Kanali koyamba kuti aone zinthu zimenezi zikukula mpaka kumaliza, ndipo ankasangalala ngati mwana.

Kusangalala kwa mphawi kumawawa anthu m'maso. Mayi a pasaluni, omwe anali wapampando wa komiti ya dimbalo, sankadutsa osaponyapo mawu. "Agogo, anzanu tikulima, inu mukuweta udzudzu?" Iwo ankangoseka.

Ndiye tsiku lina mayiwo anapeza khungu limene njoka inafundula litakodwa pa waya wa mpanda. Njoka yeniyeniyo palibe anaiona, ngakhale mmodzi. Koma pofika madzulo inali itanenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo aliyense ankadziwa kumene imagona. Milu ya njerwa inalipo, ngalande yodzaza makoswe inalipo, koma chala chinaloza kwa a Chikwakwa.

Msonkhano unachitikira pampopi. Chigamulo chinali chachidule: atchetche okha sabata isanathe, apo ayi komiti iitana aganyu adzazule ndi makasu.

"Njere sizinakhwime," anatero a Chikwakwa, chipewa chili m'manja. "Ndikupempha mudikire ziume kaye, ndikolole. Kunja kulibenso kokazitenga. Misewu ija ndinkatchetcha anaiwaka konkire mpaka m'ngalande."

"Ndiye tidikire mwana alumidwe kaye?" anayankha mayi a pasaluni.

Nkhalambayo inatembenukira kwa mwana wake, yemwe anali atangoweruka, yunifomu ikadali m'thupi. Iye anayang'ana pansi. "Bambo, inetu ndili ndi ana. Komanso anthuwa ndi amene timakhala nawo." Zonena za anthu ena zija zinangodutsa, koma mawu amenewa anawalasa mumtima.

Anasankha kutchetcha okha, ndipo anali ndi chifukwa. Khasu limazula, pomwe chikwakwa chimasiya mizu. Anachitulutsa pansi pa bedi, n'kuchinola pa sitepe ya khonde. M'mawa mwake analowa m'kachigawo kawo, dzanja lamanzere kumsana monga kale, akudula m'mwamba pang'ono kuti zitsinde zitsale. Fungo la mpungabwi linadzaza dimba lonse. Njuchi zinkazungulira pa zogwazo, zosadziwa kolowera. Anthu anaima kumpanda n'kumachemerera, opanda ndi manyazi omwe: "Eee, dzanja likadalipo, agogo!" Iwo sanadzutse mutu. Misozi inali m'maso, koma mumtima ankati: sekani, mvula ikagwa ziphukiranso.

Phewa linatupa, moti anagona osadzuka tsiku lotsatira lonse. Chakumadzulo anamva kugogoda. Anali mkamwini wawo, dalaivala wa minibasi, munthu waulemu wake amene sanawayankhepo mwano chikwatirireni. Ananjuta pakhomo, sipuleya ili kumsana, manja akununkha mankhwala.

"Bambo, phewa lanuli landimvetsa chisoni," anatero. "Munthu wamkulu ngati inu simungamatchetche chaka ndi chaka ife tikuonerera. Ndabwereka sipuleyayi, ndapopera ponse paja mankhwala opha udzu. Wogulitsa wanditsimikizira kuti amapha mpaka mizu. Simudzavutikanso."

Ananena akumwetulira, akudikira kuyamikiridwa. A Chikwakwa anayang'ana matumba a simenti aja. Akanati wachita zimenezi ndi mdani, bwenzi atatukwana mtima n'kupepukako. Koma mkamwini amene ukugona m'nyumba mwake, amene wakuchitira zachifundo, umamutani? Anadzuka movutikira, nakhala tsonga pabedi, n'kuomba m'manja mwaulemu, phewa likubaya.

"Zikomo akamwini," anatero. "Mwagwira ntchito."