Manyowa a Kuseri kwa Mzikiti

Ndinaphunzitsako ulimi pa madarasa ina, sukulu ya Chisilamu, ku komboni ya Kanyama, ine mayi wachikhristu wa ku Katete amene sindinkadziwa n'komwe mbali imene Asilamu amayang'ana popemphera. Shehe wa pamzikitipo ndiye anandifunafuna. Anali ndi anyamata asanu ndi atatu oloweza Kurani, ambiri amasiye, opanda pepala lililonse la sukulu. Ankafuna akhale ndi ntchito ya manja yodzawadyetsa, ndipo anatipatsa kamalo kuseri kwa mzikiti kuti tilimepo dimba.

Kanyama ndi miyala yokhayokha, dothi lake longopaka pamwamba. Mbande zoyamba za repu zinafiira n'kuuma. Akuluakulu a mzikiti ananena poyera kuti zikafanso, pamalopo amangapo mashopu. Mtima unandipweteka, makamaka chifukwa cha wamkulu mwa anyamatawo, wazaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wosalankhulalankhula, amene ankathirira mabedi ngati akusambitsa khanda. Iyeyo dimbalo analiyika pamtima.

Pankafunika manyowa, basi. A nkhuku anali atatengedwa kale ndi amadimba akuluakulu. Koma bambo wina wa kutchalitchi kwathu ankaweta nkhumba kunja kwa komboni, ndipo anali ndi mulu wakale, wouma, wosanunkha, waulere. Ndisaname, ndinkadziwa kuti nkhumba ndi chiyani kwa Msilamu. Ndinangodziuza kuti manyowa akauma ndi dothi, ndipo dothi lilibe mpingo. Ndinawathira m'matumba a ufa n'kuwabweretsa pawilibala.

"Ba ticha, ni manyowa ya chani aya?" anafunsa mnyamata wamkulu uja.

"Ya ng'ombe, mwana wanga. Tiye, nyamula."

Ananyamula paphewa. Anawamwaza ndi manja monga ndinamuphunzitsira, n'kumawafikisa ndi zala pozungulira mbande iliyonse. Kuitana kwa pemphero kukamveka, ankasamba kumaso, manja ndi mapazi, n'kukung'untha malaya, n'kulowa mumzikiti.

Repu anachita kusefukira, masamba otambalala kuposa chikhatho. Amayi a pamzikiti ankalimbirana, za mashopu zinazilala, ndipo ine ndinayamba kuyenda mapewa m'mwamba. Mnyamata uja anafika pophunzira kufesa nazale yekha.

Bodza lilibe mwendo. Lachisanu lina, anthu akutuluka m'mapemphero, bambo wa nkhumba uja anadutsa panjinga. Ataona dimba anaima, nafuula mokondwa, mtima uli mbee:

"Mwaona ba sisi, ninakuuzani! Matuvi ya nkumba siyanama!"

Mayi wina amene anali atanyamula mpukutu wa repu anauyika pansi pang'onopang'ono, napukuta manja pachitenje. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Shehe sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Anati za ndiwozo akambirana ndi anzake odziwa malamulo, koma bodza langalo silinkafuna kukambirana. Sanachite kundichotsa. Ndinadziwa ndekha kuti ntchito yanga yatha. Ogula anasiya kubwera, repu anakalambira m'mabedi, ndipo akuluakulu aja anapeza chifukwa chimene ankachifuna. Ndinakwiya nawo masiku angapo, ndinakwiyiranso bambo wapakamwa uja, mpaka ndinasowa wina womukwiyira.

Tsiku lokatenga khasu langa ndi kheni yothirira, ndinapeza mnyamata uja ali chiimire pa nazale yake. Sanandipatse moni. Ndinayamba kumufotokozera za dothi, za mashopu, kuti ndinachitira iwo omwe anyamatawo. Anandisiya ndimalize.

"Ba ticha, vija vovala nenze kupempela navo. Myezi ibili."

"Nipepesa, mwana wanga."

"Ba Shehe bakamba ati ine nilibe mulandu, chifukwa sinenze kuziba." Anatsitsa mawu. "Koma imwe mwenze kuziba. Mwenze kuniona nikungena mu mzikiti."

Ndinkamuonadi. Masana aliwonse ndinkakhala pachidebe pamthunzi wa khoma, n'kumamuyang'ana akukung'untha malayawo pakhomo la mzikiti, ndipo sindinatsegule pakamwa ngakhale kamodzi.