Netiweki ya a Mbewe

Chaka chatha ndinatsegula tsamba la pa intaneti la alimi a kwathu ku Nsaru. Ndinkachonderera anthu kuti azilembapo zothandiza, osati kumangotumiza zithunzi za maluwa. Amene anandimvera anali a Mbewe, omwe anandiphunzitsa ku pulayimale.

Tsiku lina ndinalemba kuti yureya ndi feteleza wokulitsa. Iwo anayankha pagulu kuti: “Ndi wobereketsa, mwanawe. Sukuluyo unkagona, eti?” Anthu anaseka sabata yathunthu.

A Mbewe anaiwala kuti nkhani iliyonse imayamba yadutsa kwa ine isanaoneke. Kuyambira tsikulo, yawo ikafika ndinkaiwerenga mpaka kumapeto, kenako n’kuifufuta, ndipo zinkandikoma. Ina inali ya kaumitsidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Njirayo ndinaitsatira kwanga, mtedza unauma bwino, koma nkhaniyo sindinaitulutse.

Titakumana pamsika wa Msundwe anandipatsa foni yawo.

“Tandionera, kodi yatha imeneyi? Ndimalemba, koma sizikuoneka.”

Ndinadinadina ngati katswiri. “Ndi netiweki, aphunzitsi.”

Anandithokoza ndi manja awiri.

Patapita masiku, mkazi wanga anawaona atakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndodo kumanzere, foni m’mwamba. Manyazi anandigwira, moti nkhani ya tsikulo ndinaitulutsa. Pansi pake iwo analemba kuti: “Abale, amene mukuvutika, pachulu ikugwira.”

Mpaka lero amakwerabe pachulupo akafuna kutumiza nkhani, ndipo ine sindinawauze.