Nkhuku ya Apongozi pa Lachisanu la Kwarezima

Chaka chimene apongozi anga ankayembekezera ubatizo ndinapemphera kuposa zaka zonse, ndipo ambiri mwa mapempherowo anali oti Mulungu awatseke pakamwa.

Anali Ayao a kunyanja, okulira m'Chisilamu. Amuna awo atamwalira anakwera kudzakhala nafe ku Sanjala, m'mphepete mwa tauni ya Vila Cabral, kumene amuna anga ankachapa zovala za Apwitikizi. Kalasi ya katekisimu analowa mwa kufuna kwawo. Akatekisita, bambo wowonda wosaseka, anati apongozi akasunga bwino Kwarezima, masiku makumi anayi osala aja, adzabatizidwa pa Pasaka. Akaphonya, chaka china. Koma chifuwa chinkawagwetsa nyengo yozizira iliyonse, ndipo chaka chinacho palibe ankachikhulupirira.

Vuto linali lakuti kusala ankakudziwa kale, kwa Ramazani. Dzuwa likatuluka, madzi ayi, ngakhale malovu ankalavula kuseri kwa nkhokwe. Akandiona ndikumwa phala m'mawa ankagwedeza mutu.

"Kodi ndiye kusala kwanuko, mpongozi? Yesu m'chipululu ankamwa phala?"

"Amayi, ife timangochepetsa."

"Eee, mpingo wabwino uwu. Ndinachedwa."

Korona ankaithamangitsa ngati tasibihi yawo yakale, ine ndikadali pa Tikuoneni Mariya woyamba. Anandifunsanso kuti Roma ali mbali iti, kuti aziyang'ana kumeneko pogwada. Ndinaloza kumunda wa mbatatesi, ndipo Mulungu anawamva ndithu kudzera m'mizeremo.

Lachisanu lina ndinabwera kuchokera ku Njira ya Mtanda mawondo ali fumbi, ndipo ndisanafike pabwalo fungo linandichingamira. Nkhuku. Apongozi anali atapita nayo kwa shehe wa pafupi kuti awazingire, pakuti yozinga Mkhristu sankaikhulupirirabe. Kwa iwo dzuwa likalowa tsiku latha, lamulo latha.

"Amayi, lero n'Lachisanu! Nyama ayi!"

"Lachisanu lapita ndi dzuwa. Taona kumadzuloko."

Ndikuyang'ana kumadzuloko ndinaona akatekisita akukankha njinga, kudzayendera wophunzira wawo. Ndinavundikira mphika ndi lichero, mumtima ndikufuula: Inu amene munatseka pakamwa pa mikango, mphuno imodzi yokha ingakukanikeni?

Akatekisita anakhala pampando, natsogolera pemphero. Linali lalitali, lodutsa ku Ninive mpaka ku Getsemane, ndipo penapake mimba yawo inayankha Amen isanakwane nthawi. Apongozi anatsegula diso limodzi.

"Aphunzitsi, mwana wa eni akulira m'katimo. Mpongozi, apatse mbatatesi."

Ndinawapatsa za m'mbale ina, yopanda fupa ngakhale limodzi. Anadya, anapukuta mbale ndi chala, napempha zina. Anati mbatatesi za kwawo ku Lione sizinakomepo chonchi, ndipo chakudya chosauka chimakoma kwa wolapa.

"N'zoona," anatero apongozi. "Komanso msuzi wa nkhuku umathandiza."

Chala chinaima m'kamwa. Ine sindinadziwe kuti apongozi anaziphikira mumphika umodzi ndi nkhuku. Akatekisita anayang'ana mbale, anayang'ana lichero, kenako kumwamba, kumene kunalibe wowathandiza.

"Mayi," anatero potsiriza, "tsiku la Akhristu limatha pakati pa usiku."

"Ndiye tachimwa awiri, aphunzitsi. Kwa apadiri tipitira limodzi, kapena mutsogola?"

Anatsogola okha, m'mawa mwake. Zimene ananena m'kabokosi kolapira ndi za iwo ndi Mulungu. Ndikudziwa kuti dzina la apongozi silinachotsedwe pa mndandanda wa odzabatizidwa, ndipo Lachisanu lotsatira tinadya nyemba.

Apongozi anabatizidwa pa Pasaka, atavala nsalu yanga yoyera, akutsokomola. Madzi atatsikira kumaso anawanyambita, nati kwa ine mokweza, tchalitchi chonse chikumva, "Awa ndiye ndimeza."

Mwezi wa Julayi chifuwa chija chinawatenga. Mphuno imene ndinapempha sinatsekedwe, pakamwa paja sipanatsekedwenso, ndipo mpaka lero ndimagwada kuthokoza kuti Iye anandikaniza zonse ziwiri.